Kadi ya mwana wa m'mimba

LOLEMBA

07:52 Janeti: mbuzi yachitatu yapitanso achemwali. ndadzuka m'khola mwangotsala chingwe

07:53 Janeti: ndinakupemphani sabata yatha kut bambo anga musamawalolenso ku tebulo kwanu

07:58 Janeti: a Dyna ndikuona kut mukuwerenga

08:40 Dyna: ndimalandira mowa. mbuzi yako ine sindinaione. kuno kumabwera ndalama, sikubwera mbuzi

08:41 Janeti: ndalamazo ndi za mbuziyo

08:44 Dyna: ndalama sizilira mee Janeti

08:46 Janeti: plz musaseke. a Pilato ndi munthu wa zaka 71. shuga, maso akuvuta. loweruka lililonse avala jekete ati ndikupita kumsika ku nkando, madzulo abwera m'matumba muli mbee

08:47 Janeti: penshoni inatha. wailesi inapita. malata 18 amene anagula kut tifolere kitchen anapita

08:55 Dyna: maso akuvuta? K ndi Q amazisiyanitsa bwinobwino opanda magalasi

08:56 Janeti: ndye ikani malire bas. munthu asamaike kuposa 5 pin

09:03 Dyna: tebulo langa lilibe malire. poker ya kuno ndi choncho, zimene waika patsogolo pako ukhoza kuzikankha zonse kamodzi. aphunzitsi amadziwa, mavenda a chimanga amadziwa, bambo ako amadziwa kuposa onsewo

09:04 Dyna: ine ndimagawa makadi ndi kudula kanga ka nyumba. sindikoka munthu pamsewu

09:06 Janeti: kma amene akuwadya ndi achimwene anu a Danieli. sabata iliyonse iwo omwewo

09:07 Dyna: Danieli ali ndi dzanja. anatengera bambo ake

09:15 Janeti: pano akufuna kugulitsa munda wa tiyi. wogula abwera lachisanu. mundawo ndi umene ukuphunzitsa ana anga awiri, ine mwamuna ndilibe mukudziwa

09:31 Dyna: ndiye loweruka kukhala kokoma. ndiwonjezera ma chips otchovera

09:32 Janeti waimba. sinayankhidwe

09:33 Janeti waimba. sinayankhidwe

LACHIWIRI

06:20 Janeti: ngati simuwaletsa ndipita ku polisi ku boma. ndikanena kut kuseri kwa bawa yanu anthu amatchova njuga

06:49 Dyna: kkkkkk

06:49 Dyna: zoona magazi sanama. zokanena anthu kwanu ndi zobadwa nazo

06:51 Janeti: mukutanthauza chani

06:52 Dyna: sanakuuzepo?

06:53 Dyna: zaka zonsezi akukhala mpando wakutsogolo ku tchalitchi ndi tayi, sanakuuzepo za njinga?

06:53 Janeti: njinga iti

07:10 Dyna: ▶ uthenga wa mawu 2:04
Khala pansi umve, iwe unali usanabadwe. Chaka cha 84. Bambo anga a Lyson anali weta ku kalabu ya azungu ku esiteti. Poker anaiphunzira choimirira, thireyi ili m'manja, akuonera azungu. Paketi ikasowa kadi imodzi azungu amaitaya, bambo n'kutola. Ndiye Lamulungu akaweruka ku tchalitchi amakumana kwathu ku malaini, amuna anayi, chitseko chotseka. Bambo ako anali kalaliki wa pa sikelo, woyeza tiyi, ali ndi njinga yatsopano ya belu. Mnzawo wa bambo anga weniweni, amadyera mbale imodzi. Paketi ya tsiku limenelo inasowa 2. Iwe sukudziwa, nthawi imeneyo popanda kadi ya chipani mumsika sulowa, basi sukwera. Amayi anali ndi pakati pa Danieli, ndiye anyamata a chipani pa geti la msika anawagulitsa makadi awiri, yawo ndi ya mwana wa m'mimba. Ya mwanayo imangokhala pawindo, mwini wake akaigwiritsa ntchito kuti? Bambo anaitenga n'kuiponya mu paketi, ati iyi ikhale 2 wathu. Onse anaseka. Bambo ako anaseka kuposa onse. Ine ndinali pakhomo ndikusenda nandolo, ndinawamva ndi makutu angawa.

07:14 Dyna: ▶ uthenga wa mawu 2:31
Kadi imeneyo kumsana inali yosiyana ndi zinzake, aliyense amaona kuti yagwera kwa uje. Koma ndani amaopa 2? Itagwera kwa bambo anga, bambo ako anati uyu wagwira zinyalala, n'kukankha malipiro onse a mwezi, n'kuwonjezera njinga. Bambo kutembenuza, ma 2 atatu. Njinga inagona kwathu. Lolemba bambo ako anapita kwa tcheyamani wa chipani kukanena kuti Lyson akutchovera njuga nkhope ya mtsogoleri, ndipo waisandutsa kadi yotsikitsitsa mu paketi. Lachiwiri galimoto inabwera ku kalabu. Anawatenga atavala yunifolomu yoyera. Mpaka lero. Manda tilibe Janeti, tikafuna kulira timangoyang'ana msewu. Esiteti inatipatsa masiku atatu tichoke m'nyumba. Tsiku lachitatu, katundu ali panja, amayi ndi chimimba chawo atakhala pa mtolo wa zofunda, bambo ako anatulukira. Ine mumtima ndinati abwera kudzatinyamulira. Analowa m'nyumba, anatulutsa njinga yawo, anapukuta chishalo ndi mpango, n'kukwera. Ine ndinaima pakanjira. Analiza belu kuti ndipatuke. Ndinapatuka. Ndinali ndi zaka naini.

07:15 Dyna: pita ku polisi. njira ukawafunse iwo, ndi akatswiri

07:29 Janeti: mukunama

07:30 Dyna: kawafunse

LACHINAYI

16:02 Janeti: ndawafunsa

16:03 Janeti: amasoka nsapato pakhonde. sanakweze mutu. angoti belu ndinalizadi

16:03 Janeti: ndawasiya pompo ndalowa m'nyumba

16:11 Janeti: sori achemwali. sori

16:40 Dyna: sori yakoyo ndiike pati

16:42 Dyna: sukulu ndinalekezera standard 4. amayi anathyola tiyi mpaka msana unapindika, anafa akufunsabe ngati kwabwera kalata. iwe unakula ukudya buledi wa kalaliki

16:45 Janeti: kma ana anga sanalakwe

16:46 Dyna: Danieli analakwa chani? anali m'mimba ndipo kadi anali nayo kale kkkk. nzika yokhulupirika

16:50 Janeti: ndichite chani kut muwasiye. ndibwere ndizikuchapirani, ndizikolopa ku bawa ulere. chilichonse

16:58 Dyna: wokolopa ndili naye

17:01 Dyna: mlandu suwola Janeti. miyezi 6 yapitayo analowa okha muno, chipewa chili m'manja, ati ndamva kuno kuli tebulo. sindinawaitane. ndinawakokera mpando ndi manja anga, ndinawathirira fanta. ndikufuna ndiwaone akutuluka muno ndi jekete lokha

17:02 Dyna: belu ndinagula kale. lili mu drawer

LACHISANU

11:26 Janeti: wogula wapereka theka. theka lina akuti mwezi ukatha. aziika mu jumbo ya shuga

11:27 Janeti: ndawagwadira. ndawauza kut a Dyna akukutcherani dala. angoti ndikudziwa

11:27 Janeti: akudziwa achemwali. ndye akupitiranji??

19:05 Janeti: simuyankha?

LOWERUKA

12:48 Janeti: anyamuka. jumbo ili m'thumba lamkati

14:03 Dyna: afika. akununkhira sopo, ndevu zometa. agula ma chips a jumbo yonse

14:04 Janeti: Ambuye

15:20 Dyna: break. ndikuuze zoona, nkhalamba iyi imasewera. aphunzitsi anakankha zonse alibe kalikonse m'manja, kufuna kuwaopseza. bambo ako anangowayang'ana pakhosi ati aphunzitsi mwameza malovu kawiri, call, onetsani makadi tione. aphunzitsi apita kunyumba wapansi

15:21 Dyna: wa chimanga nayenso amusenda ngati chinanazi. ma chips afika pachibwano

15:22 Janeti: ndye awina!! auzeni adzuke plz. adzuke pompano

15:24 Dyna: pano palibe amadzutsa mnzake

15:25 Dyna: Danieli wafika. tikuyamba

15:26 Janeti: achemwali chonde

16:37 Dyna: theka la ma chips lawoloka

16:38 Janeti: lawolokera kwa ndani

17:15 Janeti: ??

17:41 Janeti waimba. sinayankhidwe

18:52 Janeti: afika kuno. jumbo aipinda bwinobwino, ilibe kanthu. akusamba uku akuimba nyimbo ya kwaya

18:53 Janeti: adya mbale ziwiri za kalongonda. akuoneka okondwa. ndikuopa

18:59 Janeti: mwakondwa inuyo? mwaliza belu lanu?

LAMULUNGU

06:08 Dyna: wadzuka?

06:09 Janeti: kugona kwake kuti

06:14 Dyna: wogawa makadi ali ndi lamulo limodzi. makadi amene munthu wataya osaonetsa suwasuzumira. zaka 11 sindinaliphwanyepo. dzulo ndaliphwanya katatu

06:16 Dyna: chinandivuta nchakuti munthu amene amawerenga malovu a aphunzitsi angalephere bwanji kuwerenga Danieli. Danieli akagwira zabwino khutu limafiira, mwana aliyense amaona

06:19 Dyna: dzanja lomaliza. pansi pali ma K awiri ndi 9. Danieli wakankha zonse, bambo ako call. Danieli kuonetsa 9 wake, chifuwa patsogolo. bambo ako kuyang'ana makadi awo nthawi yaitali, ati wandidya mwana wa Lyson, n'kuwataya osaonetsa

06:20 Dyna: posonkhanitsa ndinakweza kangodya. K. anali ndi K wachitatu

06:21 Janeti: ine za ma K sindizidziwa

06:22 Dyna: anawina Janeti. ma K atatu amadya 9 kutalitali. anawina n'kutaya dala. katatu konse dzulo

06:24 Dyna: amadya aphunzitsi, amadya mavenda, n'kusenza zonsezo pamodzi ndi zawo kukatula kwa Danieli. miyezi 6

06:25 Dyna: ine ndimati ndikuwasenda. kani akundilipira

06:25 Dyna: apatse foni

06:27 Janeti: akuvala za ku tchalitchi

06:27 Dyna: APATSE

06:51 Janeti: ▶ uthenga wa mawu 2:48
Dyna, mwanaka. Ndine Pilato. Mwaona eti. Ndimadziwa kuti tsiku lina mudzaona, maso anuwo ndi a Lyson. Ine pakhomo panu sindikanabwera ndi envulopu. Mayi anu ndinawayesa kamodzi, zinthu zitasintha, ndinapita ndi thumba la chimanga. Analikhuthulira m'ngalande ine ndikuona, nkhuku za eni ake zinadya. Ndiye nditamva kuti muli ndi tebulo ndinati eya. Njinga ija ndinaluza pa tebulo, ndinakaitenga mwakuba, ibwerere pa tebulo pomwepo. Kwa tcheyamani kuja ine ndimati akangomuopseza, amugoneke masiku awiri, ine nditenge njinga yanga. Sindimadziwa kuti... ayi, ndisaname lero Lamulungu. Ndimadziwa nthawi imene tinalimo. Njingayo sindinaikwere mwezi, ndinakaiponya mu Ruo. Mnyamata uja akamakoka ma chips amaseka ngati bambo ake, mano onse panja, mpaka ndimaiwala kuti ndili chaka chiti. Loweruka ndi tsiku lokhalo limene ndimapeza tulo. Musamuuze, chonde. Kwatsala theka la munda. Mundilole ndimalize, ndikamaliza simudzandionanso.

06:53 Janeti: akulira. chibadwire sindinawaonepo

07:20 Dyna: auze kuti mwana wawo ndi iwe. ine asadzayerekezenso

07:22 Dyna: ati amapeza tulo

07:23 Dyna: miyezi 6 ndakhala ndikuwagulitsa tulo osadziwa. ndi fanta pamwamba

07:30 Janeti: ndye zitha bwnj

07:48 Janeti: achemwali?

LACHIWIRI

10:05 Dyna: kukubwera wa kabaza ndi katoni ya sopo. usatsegulire panja

11:32 Janeti: yafika

11:36 Janeti: achemwali izi ndi ndalama

11:40 Dyna: zonse. ma chips amagula kwa ine, ndikudziwa zimene analowa nazo muno chiyambire. za mbuzi, za malata, penshoni, theka la munda. kabweze kwa wogulayo lero. zina Danieli anali atadya kale, ndagulitsa firiji ya bawa kuti zikwane

11:41 Janeti: Mulungu akudalitseni. zkm zkm zkm. ndimadziwa kut mtima muli nawo

11:43 Dyna: usandithokoze. sunamve

11:46 Dyna: Danieli ndamuuza. bambo wa zaka 41, walira atakhala pansi kuseri kwa kauntala. bambo ake sanawaonepo, chithunzi tilibe. chinthu chimodzi chokha chimene amati anatengera kwa iwo ndi dzanja la makadi. kani ndi nkhalamba imamuponyera ngati nkhuku

11:47 Dyna: amulanda bambo kawiri. ukawauze choncho, mawu ake omwewa

11:49 Janeti: anapempha kut musamuuze

11:49 Dyna: ndinamva

11:52 Dyna: pansi pa katoni pali paketi yakale yomanga ndi ulusi. amayi anaisunga mu sutikesi zaka zonsezi. makadi 51. ya 52 inapita ndi bambo. apatse

11:53 Dyna: mpando wawo ndaupereka kwa wina. asadzapondenso kuno. unapempha wekha, ndakuchitira

11:55 Janeti: kma iwo amafuna kulipira

11:58 Dyna: ndikudziwa. sindikugulitsa. afe nazo

LACHINAYI

08:14 Janeti: kuyambira lachiwiri sanadye. phala akukana, mankhwala a shuga akukana

08:15 Janeti: ndalama sanazikhudze nkomwe. angokhala pamphasa ndi paketi ija, kuwerenga, kufika 51, kuyambiranso

13:40 Janeti: abusa anabwera. iwo angopitiriza kuwerenga makadi

17:22 Janeti: andifunsa kut lero ndi lachingati. ndati lachinayi. ati kwatsala awiri

LACHISANU

09:03 Janeti: achemwali ndikupempha zosiyana ndi zija

09:05 Janeti: aloleni abwere. wogula sindinamubwezere, ndalama zili pompano. munda upite. ana ndiona chochita, ndikalembetsa kothyola tiyi

09:06 Janeti: a Danieli asakhalepo ngati sakufuna. aluze kwa aliyense. aluze kwa inu

09:30 Janeti: ndine ndemwe ndinati muwaletse, ndikudziwa. ndabweza mawu anga

14:12 Janeti: blue tick ndikuiona

20:01 Janeti: ndi bambo anga achemwali. ndilibe ena

LOWERUKA

12:31 Janeti: avala jekete. ndalephera kuwaletsa ndye ndikubwera nawo. pokwera minibus anachita kuwanyamula

13:56 Janeti: tafika. chitseko chakuseri mwakhoma

13:58 Janeti: tikumva ma chips mkatimo

14:04 Janeti: akuti sasewera. angokhala pakona aziona a Danieli bas

14:31 Dyna: Danieli anasiya makadi. sakubweranso

14:33 Janeti: ndawauza. akhala pansi pa khomo lakutsogolo penipeni. paketi ili m'manja

14:50 Janeti: anthu akuchita kuwadumpha polowa. aphunzitsi awapatsa moni, iwo maso ali pa paketi

15:07 Dyna: asunthe. akutchinga makasitomala

15:08 Janeti: akuti sachoka mpaka akuoneni

15:09 Janeti: tulukani muwatukwane. muwalavulire. chilichonse, angomva mawu anu

15:26 Janeti: achemwali dzuwa likuwawotcha

15:41 Janeti: ndinu mwaliza belu pawindopo?

15:41 Janeti: achemwali

15:43 Janeti: adzuka. apatuka